Njira za m'Mapiri a ku Chipata

Mlendo wofika ku Chipata nthawi yoyamba, angakhale acokere ku Lusaka kapena ku Lilongwe, cinthu coyamba cimene maso ace aona ndico mapiri. Mudzi wathu unamangidwa m'cigwa, ndipo mapiri auzinga monga mpanda uzinga khola la ng'ombe. Koma ife eni mudzi tinawazolowera kotero kuti sitiwaonanso. Ndafunsa anzanga a mu ofesi, anthu obadwira pompano, ngati anakwerako pa phiri la Kanjala, ndipo ambiri angondiseka, nati, "Tikatengeko ciani? Kodi ndife anyamata oweta mbuzi?" Kwa iwo kuyenda pansi ndi cizindikiro ca umphawi. Wopanda galimoto akwera njinga, ndipo wopanda njinga alipira mnyamata kuti amnyamule pa yace.

Ine ndayenda m'njira za m'mapiriwa zaka zoposa 30, Loweruka ndi masiku a chuthi. Nchito yanga ndi ya ukalaliki, ndipo mafaelo akale a Boma ndiwadziwa. Koma ndapeza kuti zambiri za mbiri ya dziko lino sizinalowe m'mafaelowo. Zinatsala pansi, m'njira za miyendo, ndipo munthu wa maso akhoza kuziwerenga. Ndifuna kulongosola m'mene ziwerengedwera, popeza njira zina zimene ndinaziyenda ndiri mnyamata lero kulibe.

M'mene njira ibadwira

Msewu upangidwa ndi Boma, ndipo uli ndi mwini, uli ndi nambala, uli ndi ndalama zace m'buku. Njira ya miyendo iribe mwini. Mkazi mmodzi apita kucitsime, mnzace atsata pamene udzu wagona, ndipo pakutha mwezi pali njira. Ndi yopapatiza cifukwa anthu athu ayenda motsogozana, osati mogwirana mapewa: kale mwamuna ankakhala patsogolo ndi nkhwangwa paphewa, mkazi pambuyo ndi mtolo pamutu.

Anthu ena anyoza njira zathu kuti zingokhota-khota ngati njoka popanda cifukwa. Cifukwa cace ciripo. Mtengo ukagwa nupingasa njira, palibe wosenza katundu amene aima kuti aucotse; aulambalala. Ciswe cidya mtengowo, moto wa lupsa utsiriza zotsala, ndipo patapita zaka zitatu palibe kanthu, koma njira ikhotabe pomwepo. Tsono mukaona njira iri kukhota pamalo oyera, dziwani kuti pamenepo panali mtengo, kapena culu, kapena munda wa munthu, kapena manda. Ndiponso midzi yambiri iri ndi njira ziwiri zopita malo amodzi. Ya cilimwe idutsa pakati pa dambo. Ya dzinja iyenda pamtunda nizungulira dambolo, ndipo ndi yaitali. Wosadziwa zimenezi atenga yacidule mwezi wa February, nabwera atasiya nsapato m'matope.

Agogo anga anali mesenjala wa Boma, ndipo ndiwo anandiphunzitsa kuyenda. Masiku ao Bwana D.C. ankatuluka paulendo wowerenga anthu ndi kuona za msonkho, pamodzi ndi amtenga-tenga osenza mahema ndi mabokosi, ndipo mesenjala ndiye ankadziwa pogona ndi pomwa madzi. Msewu wa ku Lusaka usanakonzedwe, ndipo mlatho woyamba pa Luangwa usanamangidwe m'caka ca 1932, katundu wambiri ankafika kuno pamutu pa anthu, kucokera ku Tete ndi ku Nyasaland, dziko limene tsopano ndi Malawi. Amuna ofuna ndalama za msonkho ankayenda ndi miyendo masabata angapo kufikira ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Ena a iwo sanabwere, ndipo ndiwo aja makolo ankawacha macona.

Pamwamba pa Kanjala

Woyamba kumene ayambire pa Kanjala, popeza ndi pafupi, ndipo munthu wa miyendo yabwino akwera ndi kutsika nsima ya masana isanapse. Nyamukani mbanda kuca. Dzuwa likakwera miyala itentha, ndipo kumwamba kulibe citsime.

Mukafika pamwamba khalani pansi, muleke kupenya kutali poyamba, mupenye mudzi. Muona kuti unayalidwa monga anauyalira eni ace oyamba. Boma linakhazikika pano m'caka ca 1899, nthawi ya Robert Codrington, ndipo analicha Fort Jameson, kutenga dzina la Dr Leander Starr Jameson. Linali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, pamene maiko awiri anaphatikizidwa, likulu nilikhala ku Livingstone. Dzina la Chipata linadza dziko litalandira ufulu wa 1964, ndipo m'caka ca 2017 mudzi unakwezedwa kukhala mzinda. Koma kucokera paphiri magawo atatu akale aonekabe. Kumene kuli mitengo yaikulu, misewu yotakata, bwalo la gofu ndi chalichi cakale ca St Paul's, ndiko kunali Azungu. Kumene kuli masitolo othithikana ndi nsanja za mzikiti, ku Down Shops, ndiko kwa Amwenye. Ndipo Kapata, ndi msika wace, ndiko kunaikidwa anthu akuda. Malamulo olekanitsa anthu anatha kale, koma mitengo ikali kusonyeza amene anapatsidwa malo aakulu.

Mukatero penyani m'munsi mwa mapiri, kumene makomboni monga Mchini ndi Nabvutika akwera pang'ono-pang'ono caka ndi caka. Pamene ndinkachera mbewa ndi anzanga, tsopano pali malata. Muona ndi njanji yocokera ku Mchinji, imene inayambidwa m'caka ca 1982 nifika kuno m'caka ca 2010. Zaka 28! Agogo anga akadaseka, pakuti malire a ku Mwami ali pamtunda wa mailosi ngati 15, ndipo munthu wa miyendo afikako dzuwa lisanalowe.

Za nkhondo ndi mabwinja

Anthu sakonda kukhala paphiri. Madzi ali kutali, nthaka ndi yocepa, ndipo nyani adya cimanga. Conco mukapeza mapale a mbiya kapena mwala wa mphero pamwamba pa phiri, pamalo obvuta kufikapo, mudzifunse kuti anthu amenewo ankathawa ciani.

Dziko lino linali la Acewa, ndipo mfumu yochuka ya mbali ino inali Mkanda. Angoni anaoloka Zambezi mwezi wa November 1835, tsiku limene dzuwa linada masana, ali ndi mfumu yao Zwangendaba. Atafa iye mtundu unagawikana, ndipo mwana wace Mpezeni anayenda zaka zambiri, nakhala pakati pa Ansenga, kenaka anadzakhazikika m'dziko lino. Acewa ena anagonja nalowa m'midzi ya Angoni, ena anamanga malinga, ndipo ena anakwera m'mapiri. Tinjira tina topita kumapanga, timene lero tiyendamo abusa okha, tinayamba nthawi imeneyo, akazi akutsika usiku kukatunga madzi.

Sipanapite zaka zambiri, ndipo othamangitsa anzao anathamangitsidwa iwonso. Mwezi wa January 1898 asilikali ocokera ku Nyasaland anafika ndi mfuti za Maxim, ndipo zishango sizinathandize kanthu. Nsingu, mwana wa Mpezeni, amene anatsogolera nkhondo, anagwidwa naomberedwa mwezi wa February. Mpezeni anabisala m'mapiri, pambuyo pace anadzipereka, ndipo anamtengera ku Fort Manning, kumene tsopano ndi Mchinji. Anabwerako nafa m'caka ca 1900. Ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Mwambo wa Nc'wala unaleka kufikira 1980, pamene unayambanso ku Mtenguleni. Ndikakhala pamwala wa pamwamba ndiganiza kuti mthunzi womwewo unabisa Mcewa wothawa Mngoni, ndi Mngoni wothawa Mzungu. Ine mwini ndiri ndi magazi a onse awiri, monga anthu ambiri a kuno, ndipo sindiweruza.

Pansi, m'zigwa, cizindikiro ndi cina. Mukaona mitengo ya mango itaima pamodzi pakati pa chire, ndi mzere wa nkhadze, ndi nthaka yakuda ya phulusa, pamenepo ndi bwinja. Mango sadzibzala okha m'thengo. Mabwinja ena ndi a masiku onse, pakuti midzi inkasamuka nthaka ikatha kapena maliro akacuruka. Koma ambiri a kufupi ndi Boma ali ndi nkhani yowawa. Kampani ya North Charterland inatenga dziko lalikulu, mailosi 10,000 m'bwalo lace lonse, potsamira pa mapepala amene Carl Wiese ananena kuti anapangana ndi Mpezeni. Malo abwino anakhala mapulazi a fodya, ndipo m'caka ca 1928 anthu anaikidwa m'malo ocepa ochedwa Native Reserves. Kumeneko anapanikizana, nthaka inaguga, mitengo inatha, pamene dziko limene anacokamo linangokhala, mbali yaikulu yosalimidwa. M'caka ca 1941 Boma linagula dziko lambiri la kampaniyo, ndipo anthu anayamba kubwezedwa, koma si onse anabwerera pakhomo pao peni-peni. Ndinaperekezako nkhalamba ina kubwinja la makolo ace. Sinayang'ane kanthu kena. Inapita molunjika pa mtengo wa mkuyu, nigwada, niomba m'manja.

Zolembedwa m'mapanga

Koma zakale koposa ziri m'mapanga. Makolo ankasimba za Akafula, anthu aafupi osalima, okhala ndi uta ndi uci, amene Acewa anawapeza m'dziko muno. Ena awacha Amwandionerapati, cifukwa akuti ukakomana naye ankafunsa kuti, "Wandionera pati?" ndipo wanzeru ankayankha kuti, "Ndakuonera kutali," kuti asamkwiyitse pa za msinkhu wace. Kusukulu ya mishoni tinkayesa zimenezi nthano cabe ya kumoto.

Pakati pa 1966 ndi 1971 David Phillipson, wa bungwe losunga zakale, anakumba m'mapanga a Makwe ku Katete, Thandwe m'boma la Chipata, ndi Kalemba ku Chadiza. Anapeza timiyala tosema topangira mibvi, mafupa a nyama, ndi phulusa la moto, zosanjikizana kunka pansi. Pa Kalemba anthu anayamba kukhalapo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Anapezanso kuti osaka nyamawo sanathe msanga olima atafika ndi citsulo ndi mbiya. Anakhala moyandikana nao zaka mazana ambiri. Tsono nthano ya agogo inali ndi mutu.

Zolembedwa pamiyala ziri za mitundu iwiri, ndipo woyenda aziphunzire kuzisiyanitsa. Zofiira ndizo zakale: mizere, timabwalo tolowana, ndi zina zonga makwerero. Izi ophunzira anena kuti ndi za Akafula. Zoyera anazipaka ndi cala, ndi dothi loyera, ndipo kawiri-kawiri ziri pamwamba pa zofiira. Zina zionetsa nyama yotambasula miyendo ngati buluzi, ndipo zikhudza cinamwali ca atsikana. Zina ndi zirombo za Nyau. Izi ndi za Acewa. Ine ndine munthu wa chalichi, ndipo za kudambwe sindizilowa. Ndingonena zimene diso liona. Zofanana nazo ziri ku Mkoma ku Katete, ndi ku Chongoni m'boma la Dedza, kumene m'caka ca 2006 zinalembedwa m'gulu la cuma ca dziko lonse lapansi.

Pano ndinene mau olimba. M'phanga lina limene ndinalidziwa loyera, ndinapeza anyamata atalemba maina ao ndi makala pamwamba pa zofiira, ndi caka comwe, ngati kuti tidzawathokoza. Ena athira madzi pamwala kuti utoto uwale pojambula cithunzi, osadziwa kuti madziwo ndiwo auononga. Ena asonkha moto pansi pace. Lamulo la 1989 losunga zakale liletsa zonsezi, koma phanga liribe mlonda. Musakhudze, musathire madzi, ndipo phale mukalitola kuti mulione, mulibweze pomwe linali.

Kumene madzi asiyana

Ulendo umene ndiukonda koposa ndiwo wa ku Magwero, kufupi ndi malire. Amishoni a Dutch Reformed Church anafika kumeneko m'caka ca 1899, ndipo m'caka ca 1905 anayamba kuphunzitsa akhungu. Dzina lace ndi loyenera malo, pakuti magwero ndi pamene mitsinje iyambira. Malire a Zambia ndi Malawi mbali ino satsata mtsinje, atsata msana wa mtunda. Mvula yogwa mbali ya kuno itsikira ku Luangwa, monga acitira madzi a Lunkhwakwa ndi Lutembwe amene tikumwa m'tauni. Yogwa mbali inayo ilowa m'Bua ndi kunka ku Nyanja ya Malawi, nituluka ndi Shire. Madzi onse awiri akomananso m'Zambezi, atayenda mailosi mazana ambiri. Azungu anasankha msanawo cifukwa unali wapafupi kuulemba pa mapu, koma anthu a mbali zonse ziwiri ndi amodzi, a Phiri ndi a Banda ndi a Jere, ndipo njira za miyendo zidutsa pamenepo monga kale. Woyenda acenjere, asalowe dziko la eni osadziwa.

Nyengo ndi mwambo wa panjira

Miyezi yabwino ndi May kufikira July. Kumwamba kuli mbee, mphepo ya mwera iomba, ndipo mapiri a ku Mchinji aoneka ngati ungawakhudze. Koma udzu ukali wautali, ndipo m'mbali mwa mitsinje muli citedze. Amene cinamgwerapo safuna kuuzidwa kawiri. August ndi September utsi wa lupsa ubisa zakutali, koma ndi nthawi imene mitengo ya mombo ituluka masamba atsopano ofiira, mvula isanagwe ndi dontho lomwe, phiri lonse ngati lapakidwa utoto. October ndi wotentha, woyenera mbanda kuca wokha. Masuku apsa mvula iri pafupi, ndipo dzinja lidza ndi bowa. Bowa musadye wosamdziwa. Funsani akazi a pamudzi, pakuti safunsa anadya phula.

Kamba wa paulendo ndi wakale yemwe: nshawa zokazinga, mbatata yoocha, ndi botolo la madzi kapena thobwa. Tengani ndodo. Njoka zambiri zithawa zikamva mapazi, koma mphiri siithawa. Igona panjira, ndipo ifanana ndi masamba ouma. Mbira muziona pamiyala m'mawa zikuothera dzuwa, ndi nkhwali, ndi pusi nthawi zina. Cinkhoma ndinaciona kotsiriza ndisanakwatire.

Mwambo ndi wofunika koposa ndodo. Phiri liri lonse kunja kwa tauni liri ndi mwini, ndipo mlendo ayambe waonekera kwa mfumu ya mudzi, anene kumene acokera ndi cimene afuna. Nthawi zambiri mfumu ikupatsani mnyamata wokutsogolerani, ndipo mumpatse kanthu pobwera. Mukakomana ndi wamkulu, patukani ndinu, mupereke moni. Mukaona nkhalango yowirira pakati pa minda yoyera, ndi manda; musalowemo, musathyolemo nkhuni, musalozeko ndi cala. Mukamva ng'oma kumeneko, bwererani. Pa mphambano musatole kanthu, kangakhale ndalama, popeza ndi pamene anthu ataya zosamba za odwala. Ndipo mukakhala ambiri, otsogola atseke njira imene sanaitenge, poikapo nthambi yaiwisi kapena kulemba mzere ndi phazi, kuti otsalira asasokere. Ici ndi cizindikiro cakale, ndipo ana a m'tauni saciphunzitsidwanso.

Zimene ndinaona caka catha

Nkhalango za manda ndazichula ndi colinga. M'malo ambiri ndizo zokha zatsala kusonyeza m'mene dziko lonse linaliri. Kwina konse nkhwangwa yadutsa. Mitengo ikatha paphiri, mvula siilowa pansi. Ithamanga, nisandutsa njira kukhala ngalande, nitsikira m'nyumba za m'munsi ndi mcenga ndi miyala. Njira ikakumbika anthu ayamba ina pambali pace, ndipo iyonso ikumbika.

Caka catha, mwezi wa June, ndinapita kuphiri lina limene ndaliyendera kuyambira unyamata. Panali mphambano pamene panaima muwanga waukulu, ndipo pamenepo ndinkapatukira kumanzere. Ndinayenda, ndinayenda, muwanga wosaoneka, kufikira ndinazindikira kuti ndapitirira. Pobwerera ndinapeza citsa, ndi mulu wa dothi ukufuka utsi, ndi munthu wa msinkhu wanga ali kulonga makala m'matumba. Ndinampatsa moni, ndipo mtima utandipsa ndinati, "Bambo, mtengo uja unali wa zaka zambiri kuposa inu ndi ine. Simunaumvere cisoni?"

Iye anaika fosholo pansi, nandiyang'ana kumapazi kufikira kumutu, nati, "Bambo, inu ndinu a m'tauni. Kodi nsima ya kwanu aphikira ciani magetsi akazima?"

Ndinalibe poyankha, pakuti thumba la makala linali m'khichini mwanga tsiku lomwelo, ndipo mwina linacokera kwa iye. Anandiuza kuti cimanga cace cinapsa ndi dzuwa m'cilala ca 2024, ndi kuti kuyambira pamenepo makala ndiwo agula ufa ndi mabuku a ana. Tinagawana nshawa zanga. Pambuyo pace anaitana mwana wace wamkazi, wa zaka ngati khumi, kuti andionetse njira ya kuphanga, popeza yakale inalowa m'munda wa munthu wina. Mwanayo anayenda patsogolo, opanda nsapato, ndipo ndinamfunsa maina a mitengo yotsala. Anadziwa msuku ndi mthudza, cifukwa ca zipatso. Mlombwa sanaudziwe. Titafika pokwera anaima, naloza ndi mlomo, nati, "Atate, mukafika pa nyumba ya malata obiriwira mukhotere kumanja. Pobwera musadzere kumtsinje, kuli agalu."